Mano anga awiri a implant: ubwino wake, mtengo wake ndi pamene chipatala chinandikhumudwitsa

Anthu ambiri kuno ku Dedza akhala akundifunsa za mano anga akutsogolo, ena pamaso, ena kudzera kwa mayi a kunyumba. Ndiye ndaona kuti ndingolemba kamodzi kuti wofuna adziwerengere yekha. Mano awiri a m'mwamba amene mumawaona ndikamayendetsa mwambo wa ukwati kapena chinkhoswe si obadwa nawo ayi. Ndi a implant, kutanthauza mano oikirira omangirira pa kachitsulo kolowetsa m'fupa la nsagwada, ndipo anandiika pa chipatala china cha mano cholipira ku Lilongwe. Dzina la chipatalacho sinditchula chifukwa pali zina zimene ndidandaule m'munsimu. Koma ndineneretu kuti ntchito ya manja awo ndi yabwino, ndipo ndalama imene ndinapereka sindiilira.

Ine ntchito yanga ndi ya mbatatesi. Ndimalima cha ku Bembeke, ndimagulanso kwa alimi anzanga n'kumatumiza matumba ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kumapeto kwa sabata anthu amandiitana kukagwira chimkuzamawu pa maukwati. Mano ndinawataya pa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza. Inali nthawi ya mvula, msewu uli woterera, tinagwa ine n'kumenyetsa pakamwa pa mwala. Dzino limodzi linachokeratu pomwepo, linalo linathyokera m'nkhama moti kuchipatala anangomalizitsa kuzula chitsa chake. Anandisamala bwino ndipo bala linapola, koma ndinatsala ndi gweru la mano awiri pamalo poonekera kwa aliyense.

Munthu amene mano ake ali onse amaganiza kuti vuto la gweru ndi maonekedwe basi. Maonekedwe ndi gawo laling'ono. Choyamba chimene chinandichokera ndi kalankhulidwe. Mano akutsogolo a m'mwamba ndi amene amagwirizana ndi mlomo ndi lilime potulutsa f, v, s ndi z, ndiye akachoka mpweya umangodutsa. "Zikomo", "tsopano", "afumu", mawu oti pa ukwati ndimawatchula mobwerezabwereza, ankatuluka ndi kamphepo, ndipo chimkuzamawu chinkakuza kamphepoko mpaka kwa okhala kumbuyo kwa holo. Ndinayamba kukana maukwati ena, makamaka a m'tauni kumene amajambula kanema. Pokambirana mitengo ndi ogula mbatatesi ndinkapezeka kuti dzanja lili pakamwa osadziwa kuti ndaliika liti. Palinso china chimene anthu satchula poyera: mwamuna wamkulu akakhala ndi gweru kutsogolo, ena amangoganiza kuti anamenyedwa ku mowa. Ine mowa sindimwa, ndipo kuganiziridwa choncho ndi anthu osandidziwa kunkandipweteka mumtima.

Kadyedwe nakonso kanasintha. Chimanga chootcha ndinasiya kukukuta, ndinkachita kutonola ndi zala. Mapichesi athu a kuno ndi magwafa ndinkayamba ndaduladula ndi mpeni. Kunyumba zimenezi si nkhani, koma pa maliro kapena pa ukwati, pamene amuna mwazungulira mbale imodzi ya nsima ndi nyama ya mbuzi, simungatulutse mpeni. Ndinkangotapa msuzi, kenako n'kunena kuti ndakhuta.

Poyamba ndinapangitsa mano oikirira ovula aja, a pulasitiki yofiirira imene imakhala kumwamba kwa m'kamwa ndi tiwaya togwira mano oyandikana. Sindikufuna kuwanyoza, chifukwa mtengo wake ndi wofikirika, amapangidwa msanga, ndipo anandibwezera nkhope yanga kwa zaka zingapo. Kwa munthu amene thumba lake silingafike pa implant, amenewa ndi thandizo lenileni. Koma ali ndi zovuta zake. Pulasitiki ija imaphimba kumwamba kwa m'kamwa, ndiye chakudya sichikoma ngati kale. Tinyenyeswa ta mtedza tikalowa pansi pake timalasa nkhama. Usiku uliwonse amafuna kuvula n'kuika m'kapu ya madzi. Ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kukhwepa, moti pa perekaniperekani, pamene pamafunika kukweza mawu kuti anthu adzuke kudzafupa, theka la maganizo anga linkakhala pa manowo kuti asasunthe.

Chifukwa chimene ankakhwepera ndinachimva tsiku loyamba ku chipatala cha ku Lilongwe chija, ndipo tsiku limenelo ndi limene linandichititsa kuwakhulupirira. Adokotala sanathamangire kutchula ndalama. Anandifunsa ngati ndili ndi matenda a shuga, ngati ndimasuta fodya, ngati pali mankhwala amene ndimamwa tsiku ndi tsiku. Anandiyeza BP, anandiyezetsa shuga, anajambula X-ray ya m'kamwa monse, kenako anandituma kukajambulitsa china choonetsa kukhuthala kwa fupa. Nditabwera nacho anatembenuzira sikirini ya kompyuta kwa ine n'kuloza ndi cholembera.

"Bambo, taonani apa. Fupa limene linkagwira mizu ya mano anu aja laphwa. Fupa la nsagwada limakhala lolimba chifukwa muzu umaligwedeza mukamatafuna. Muzu ukachoka limayamba kuchepa, makamaka chaka choyamba. N'chifukwa chake mano anu ovula aja akukhwepa, pamene ankakhalira pasintha."

Ndinaona ndi maso anga kuti pamene panali mano aja fupa linali lopyapyala kusiyana ndi m'mbali mwake. Atatero anandiyalira njira zitatu: kupanganso mano ovula atsopano, kuika bridge imene imafuna kupala mano awiri abwinobwino a m'mbali kuti agwire oikirirawo, kapena implant. Pa njira iliyonse ananena ubwino ndi kuipa kwake, ndipo sanandikankhire ku yodula. Anandiuza kuti ndipite kunyumba ndikaganize ndi mayi. Chimene chinandikanitsa bridge ndi kupala mano amoyo. Ndinali nditataya kale awiri akutsogolo, sindinafune kuti enanso awiri akhudzidwe.

Implant ndi kachitsulo ka titanium kamazinga ngati bawuti, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kamene amakalowetsa m'fupa la nsagwada kuti kalowe m'malo mwa muzu. Fupa limamera n'kukagwira, ndipo pakatha miyezi amamangirirapo dzino looneka ngati lenileni. Nkhawa yanga inali yoti chitsulo m'thupi chidzachita dzimbiri kapena thupi lidzachikana. Adokotala anandiyankha kuti titanium sachita dzimbiri m'thupi, ndipo njirayi si yoyesera pa ife. Dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anatulukira m'ma 1950 kuti fupa limagwirana ndi titanium, ndipo munthu woyamba anamuika mano a mtunduwu mu 1965. Munthuyo anakhala nawo zaka 40 mpaka imfa yake. Masiku ano, mwa ma implant 10 alionse, oposa 9 amakhala akadali olimba pakatha zaka 10. Anandiuzanso mosabisa kuti ena amalephera kugwira, ndipo dzino la pamwambalo likhoza kudzafuna kusintha chitsulocho chikadali bwino.

Asanayambe chilichonse anatsuka kaye mano anga onse ndi makina n'kumata limodzi limene linayamba kubooka. Anati sangabzale chitsulo m'kamwa momwe muli matenda. Apa ndinaona kuti ndi anthu osamala.

Tsiku la opaleshoni ambiri amaliopa, inenso ndinkaliopa, koma kunena zoona kuzula chitsa chija kunandipweteka kuposa. Sanandigoneke tulo. Anandibaya jekiseni wochititsa dzanzi m'nkhama, mlomo wa m'mwamba ndi nsonga ya mphuno zinalemera, n'kundiphimba nkhope ndi nsalu yobiriwira kusiya pakamwa pokha. Ululu sindinamve. Chimene ndinamva ndi kunjenjemera kwa kamakina koboolera, kumene kumafika mpaka m'mutu, ndi madzi ozizira amene amathira kuti fupa lisatenthe, uku namwino akuwayamwitsa ndi kapaipi. Adokotala ankanena chilichonse asanachite: "Tsopano mumva kukankha pang'ono, bambo. Mukamva kuwawa mukweze dzanja lamanzere." Potsiriza ndinamva akupotokola pang'onopang'ono mpaka kulimba. Chifukwa cha kuphwa kwa fupa kuja anathirapo timibulu ta fupa lochita kukonza kuti pakhuthale, kenako anasoka.

Dzanzi litatha madzulo ake ndinamva kuwawa, koma mapiritsi amene anandipatsa anakwanira. Mlomo unatupa kwa masiku angapo. Ndinkadya phala, nthochi, mazira, chambiko ndi mbatatesi yophwanya, n'kumachukucha m'kamwa ndi mankhwala amene anandipatsa komanso madzi ofunda a mchere. M'mawa mwake namwino anandiimbira foni kufunsa ngati magazi asiya. Kanthu kakang'ono, koma kwa munthu amene ali kutali ndi chipatala kamalimbitsa mtima. Langizo langa kwa wochokera kuno: tsiku limeneli musapite nokha, ndipo ngati muli ndi m'bale mu Lilongwe mugone konko. Kukhala mothinana m'minibasi makilomita oposa 80, kuima pa Nathenje, pa Linthipe, pa Chimbiya, pakamwa pali potupa, si zabwino.

Kenako kudikira. Apa ndi pamene anthu ambiri samvetsa, amayesa kuti ukapita m'mawa madzulo ubwera ndi mano. Fupa limafuna miyezi 3 mpaka 6 kuti ligwire chitsulo, ndipo nsagwada ya m'mwamba imachedwerapo kusiyana ndi ya m'munsi chifukwa fupa lake ndi lofewerapo. Kwa ine, ndi fupa lowonjezera lija, kuchokera tsiku loyamba kufika pomaliza panadutsa pafupifupi chaka. Nthawi yonseyi sindinayende ndi gweru. Anapala mkati mwa mano anga ovula aja kuti asapsinje pabala, ndipo ndinkawavala ndikakhala pagulu.

Tsopano zodandaula zanga, ndipo zilipo ziwiri. Choyamba ndi ndalama. Mtengo umene anandiuza poyamba unali wa zitsulo ndi mano okha. Kujambula kwachiwiri kuja, fupa lowonjezera, kutsuka, mankhwala, zonsezi zinkabwera pambuyo, chilichonse ndi lisiti yake. Ndiye mu November 2023 Kwacha inagwa ndi 44 peresenti ine ndili pakati pa chithandizo, zitsulo zili kale m'fupa, mano a pamwamba asanapangidwe. Nditapita anandiuza kuti gawo lotsalalo lakwera. Ndikumvetsa kuti zipangizo zimenezi amaitanitsa kunja ndipo amagula ndi madola. Inenso feteleza ndi mankhwala opopera mbatatesi zinandikwerera sabata yomweyo. Koma kunali koyenera kundiuza pa tsiku loyamba kuti mtengo wawo umatsata dola, n'kundipatsa mwayi wolipiriratu zonse. Munthu amene ali ndi zitsulo m'kamwa sangabwerere m'mbuyo, ndipo n'kovuta kusamukira kwina chifukwa makampani opanga ma implant ndi ambiri, ndipo tizigawo ta kampani ina nthawi zambiri sitilowana ndi ta ina. Ndinagulitsa ng'ombe, n'kuwonjezera phindu la mbatatesi ya chaka chimenecho. Chiwerengero sindilemba chifukwa chingakusocheretseni, mitengo yasintha kwambiri kuchokera nthawi imeneyo. Koma mukapita, pemphani kotesheni yolembedwa ya gawo lililonse, mufunse kuti ikhala yosasintha mpaka liti, chidzachitike n'chiyani chitsulo chikalephera kugwira, ndipo akulembereni dzina la kampani ndi saizi ya implant imene akuikani. Pepala limenelo mulisunge pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala.

Chachiwiri ndi kasungidwe ka nthawi. Zinachitikapo kuti ndadzuka m'bandakucha, kuzizira kwa kuno mukukudziwa, ndalipira thiransipoti nthawi imene mafuta ankasowa ndipo minibasi zinakweza mitengo, n'kungofika kuuzidwa pa kauntala kuti adokotala achokapo kapena mano sanabwere kuchokera ku labu kumene amawapangira. Ndinawauza achemwali a pa kauntalawo kuti, "Achemwali, ine sindichokera ku Area 25 ayi, ndachokera ku Dedza. Foni yanga muli nayo." Anapepesa, ndipo kuyambira pamenepo ankandiimbira dzulo lake. Koma siziyenera kudikira kuti munthu adandaule. Odwala ochokera m'maboma amataya tsiku lonse la ntchito pa ulendo umodzi.

Pa mano enieniwo ndiye ndilibe chowadandaulira. Fupa litagwira anatsegula pang'ono nkhama n'kuika titsekerero tachitsulo kuti nkhama ipole mozungulira bwino, kenako anatenga muyeso wa m'kamwa. Posankha mtundu anabweretsa kathabwa ka timano tosiyanasiyana kuyera kwake, anandiimika pafupi ndi zenera kuti aone ndi kuwala kwa dzuwa, n'kumayerekeza ndi mano anga. Mano atabwera koyamba anali oyera kuposa anzake. Ine ndikanangowalandira chifukwa cha kutopa ndi maulendo, koma adokotala anakana okha. Anati, "Ayi bambo, awa aliyense adziwa kuti ndi oikirira. Tiwabweze." Anawabweza osandilipiritsa kanthu. Achiwiriwo anafanana ndi anga mpaka kachikasu ka kufupi ndi nkhama. Atawamangirira anandilumitsa kapepala kabuluu kangapo, n'kumapala pamene pankagunda msanga, kufikira kukamwa kunatsekeka mofanana.

Kalankhulidwe kanabwerera patangopita masabata ochepa lilime litazolowera. Ndinayambanso kulandira maukwati onse, ndipo ndikakweza mawu maganizo anga amakhala pa mwambo, osati m'kamwa. Kumwamba kwa m'kamwa kulibenso pulasitiki, ndiye tiyi ndi ndiwo zinayambanso kukoma monga kale. Chimanga chootcha ndimakukuta, pichesi ndimaluma, pa mbale ya gulu ndimadya nyama pamodzi ndi anzanga. Kapu ya madzi ija inachoka pa tebulo la kuchipinda. Mayi a kunyumba ndi amene anaona china chimene ine sindinachizindikire. Tsiku lina tikuchokera ku tchalitchi anati, "Bambo, mwaona kuti dzanja lija mwasiya kuika pakamwa?"

Komabe musayembekezere kuti amamveka ndendende ngati obadwa nawo. Dzino lenileni lili ndi timinyewa pakati pa muzu ndi fupa timene timakuuzani kuti mwaluma kamwala kapena chinthu cholimba. Implant ilibe timeneti, imagwirana ndi fupa mwachindunji, ndiye kukhudza kwake kumamveka patali. Implant siimvanso kutentha kapena kuzizira. M'mawa wa mu June, mphepo ikamatsika m'phiri la Dedza, mano anga ena amachita tsemwe koma awiriwa amangokhala phee. Chifukwa cha kusamva bwinoku adokotala anandiletsa kusenda nzimbe ndi mano, kuswa mafupa a nkhuku ndi kutsegula mabotolo. Nzimbe ndimasenda ndi mpeni n'kutafunira m'mbali.

Chisamaliro chake n'chochuluka kuposa cha mano wamba. Dzino la implant silibooka, koma nkhama ndi fupa lozungulira zimatha kugwidwa matenda ngati zotsalira za chakudya zikukhalirapo, ndipo fupa likadyeka chitsulo chimagwedera. Ndimatsuka m'mawa ndi usiku, n'kudutsitsa timiswachi ting'onoting'ono ndi ulusi pakati pa mano. Timiswachi timeneti ndimagula tambiri nthawi imodzi m'masitolo a mankhwala ku Lilongwe ndikapita ndi katundu. Amafunanso kuti ndizipita kukaonetsa pakatha miyezi 6 iliyonse, ndipo ulendo umenewo uli ndi mtengo wake womwe muyenera kuuwerengera.

Si aliyense amene angaikidwe. Msuweni wanga wa ku Lizulu ataona anga anapita komweko, koma anamubweza chifukwa shuga wake anali wokwera. Anamuuza kuti ayambe watsitsa shugayo ndi kusiya fodya, popeza ziwirizi zimachedwetsa kupola ndipo zimachititsa kuti chitsulo chisagwire. Iye anakhumudwa, koma ine ndinawalemekeza kwambiri, chifukwa ndalama anali nazo m'manja ndipo akanatha kungolandira. Ana amene nsagwada zawo zikukulabe nawonso saikidwa, amadikira akule.

Posankha kopita, funsani ngati dokotalayo ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi, bungwe limene limalembetsa madokotala m'dziko muno, ndipo musachite manyazi kufunsa kuti ntchito imeneyi anaiphunzira kuti komanso kuti akuonetseni zithunzi za anthu amene anawathandizapo. Madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Kwa zaka zambiri ankaphunzira kunja, ndipo maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre, imene tsopano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland. Mu 2022 boma linakhazikitsa ndondomeko yoyamba ya dziko lonse ya umoyo wa m'kamwa. Ine ndimafunitsitsa kuti ana amene akuphunzirawo ena adzatumizidwe m'maboma ngati Dedza ndi Ntcheu, chifukwa anthu ambiri kuno amafika kuchipatala dzino litaola kale moti chotsala n'kuzula basi, pamene kumata kukanalipulumutsa pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi umene ine ndinalipira.

Ndili ndi gweru linanso m'munsi kumanzere, la dzino lotafunira limene linazulidwa kalekale ngozi ija isanachitike. Adokotala anandionetsa pa X-ray kuti dzino la pamwamba pake layamba kutsika chifukwa lilibe logundana nalo, ndipo la kumbuyo kwake likupendekera m'mpatamo. Anati si zachangu, koma tiziliyang'anira. Ndikakolola mbatatesi ya chilimwe chino ndikufuna ndikayambe limenelo, ndipo ndipita ku chipatala chomwechi, kwa adokotala omwewa. Ndawauza kale kuti ulendo uno ndikufuna mtengo wonse papepala tisanayambe, ndi kuti masiku anga oonana nawo aziwaika Lachiwiri kapena Lachitatu, pamene ndimakhala ndili kale mu Lilongwe ndi matumba.